Anapachika Makiyi Zaka Zisanakwane

Amake mapasa anaimitsa makina osokera atamva geti likulira. Linali Lachiwiri, dzuwa lisanafike n'komwe paliwombo. Atadzutsa mutu anaona amuna awo akulowa, jekete ya kuntchito ndi chipewa zili m'manja, zopindidwa bwinobwino ngati katundu wa malemu.

"Bambo a mapasa, kwagwanji? Ambulansi yawonongeka?"

"Ambulansi ili bwino."

"Ndiye mwadwala?"

"Ndapachika makiyi."

Mayiwo anachotsa phazi pachopondera cha makina. Mawu amenewo ankawadziwa. Kugalaja ya chipatala cha boma, kumene amuna awo anayendetsa ambulansi kuyambira ali anyamata, kunali msomali waukulu kuseri kwa chitseko. Masiku onse madalaivala poweruka ankapereka makiyi m'manja mwa kapitawo. Koma dalaivala akatopa nayo ntchito, kapena akayambana ndi akuluakulu, sankatsanzika munthu. Ankangokoleka makiyi pamsomali uja, n'kutuluka chifuwa chili patsogolo, osacheuka. Anzake ankamutama kuti ndi mwamuna weniweni, wachoka yekha asanamuchotse. Za mmene munthuyo ankadyera akafika kwawo, palibe ankafunsa.

"Mwayambana ndi ndani?" anafunsa mayiwo.

"Palibe. Ndatopa basi."

"Mwatopa. Kwatsala chaka ndi miyezi ingapo kuti mukwanitse zaka zopumira, ndiye kutopako kwasankha lero?"

Bambowo anakhala pampando wa pakhonde n'kumayang'ana kumpanda ngati pali chachilendo.

Amake mapasa sanali munthu wozungulira nkhani. Anatsegula kabokosi ka ulusi, n'kutulutsa singano ndi ulusi wakuda. Kwa zaka zambiri, m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, bambowo ndi amene ankawalowetsera ulusi m'singano, akudzitama kuti maso a dalaivala amaona nyerere ili patsidya la msewu. Koma chaka chimenechi mwambo uja unazilala. Lero achedwa, mawa manja ali ndi mafuta, mkuja afulumira. Mayiwo ankaona, koma ankadikira kuti eni ake anene okha. Ankaonanso tiyi akuthiridwa pambali pa kapu, ndi foni ikuyandikizidwa mpaka pamphuno.

"Tandilowetserani ulusiwu," anatero.

Bambowo analandira. Ananyowetsa ulusi ndi malovu, anatembenukira kudzuwa, anayesa. Ulusi unadutsa pambali. Anayesanso. Ulusi unaphonyanso. Pomaliza anaika singano ija pabondo.

"Ndikuona utsi, amake mapasa," anatero chapansipansi. "Kulikonse kuli ngati anthu akuotcha zinyalala. Msewu ndimauyendetsa ndi mutu, poti ndimaudziwa. Dzulo ndinanyamula mayi wodwala matenda a uchembere. Pamphambano paja munthu wa njinga ndinamuona ali kale pamphuno pa galimoto. Mulungu yekha ndiye anagwira buleki. Lero pobwerera m'mbuyo ndakhula chipilala cha geti, anyamata onse akuona. Ine sindipha munthu ayi. Ndasiya."

"Kusiya kuyendetsa mwachita bwino, ndipo mwachedwa nako," anatero mayiwo. "Koma akuluakulu mwawauza za masowa?"

"Ndiwauze kuti andipatse tsache? Ine, dalaivala wamkulu, ndizisesa pabwalo anyamata amene ndinawaphunzitsa giya akundiseka? Bola ndife ndi njala."

"Mufa nokha? M'nyumba muno mukukhala nokha?"

Nkhani isanapite patali, geti linaliranso. Anali mng'ono wawo wa bambowo, munthu amene ankamva fungo la ndalama mphepo isanawombe. Anali atamva kale kwa mnzake wa kugalaja.

"Achimwene, mwachita chamuna!" anafuula asanakhale n'komwe. "Boma lakudyerani masuku pamutu mokwanira. Tsopano akupatseni zanu zonse pakamodzi. Tigule galimoto ya takisi. Ine ndiziyendetsa, inu muzingowerenga phindu muli gone."

"Alamu," anatero amake mapasa, "njinga yamoto ija munagula ndi ndalama za malemu apongozi ili kuti?"

"Aa, alamu, ija inali ndi tsoka."

"Ndiye tsoka lakelo likufuna matayala anayi tsopano? Khalani pansi mumwe tiyi, koma za penshoni ya achimwene anu muzisiye. Amene akuuzani kuti munthu akapachika makiyi amapatsidwa zonse pakamodzi ndani?"

"Aliyense amadziwa zimenezo."

"Aliyense ali ndi ofesi kuti? Ndikufuna ndikamuone."

Mlamu uja anaseka mwamanyazi, n'kuyamba kufunsa ngati buledi alipo. Mayiwo anawasiya awiriwo pakhonde, anaphimba makina ndi nsalu, anavala nsapato zoyendera, n'kutuluka.

Pangodya ya msewu wawo pankakhala mayi wina wogulitsa makala. Malemu amuna ake, amene anzawo ankawatcha a Huta chifukwa chokonda kuliza belu la galimoto, anagwirapo ntchito kugalaja komweko. Amake mapasa anakhala pachitini chozondotsa pafupi naye, n'kumuuza zonse mosabisa.

Mayi wa makala anaika pansi chitini choyezera, n'kupukuta manja pansalu yake yakuda bii.

"Msomali uja ukadalipo?" anafunsa. "Anzanga, msomali umenewo ndi umene unandikhazika pano. A Huta anayambana ndi bwana pa nkhani ya mafuta, n'kupachika makiyi kutatsala zaka ziwiri zokha. Anabwera kunyumba akuimba mluzu. Anzawo anawagulira mowa sabata yathunthu. Sabata itatha anzawo aja anabwerera kuntchito, ife tinatsala tikuyang'anana."

"Sanapatsidwe kanthu?"

"Titapita kukafunsa patapita miyezi, tinapeza analembedwa kale kuti anathawa ntchito. Tinayenda mpaka nsapato kutha. Pomaliza anawapatsa kenakake kochepa, kamodzi kokha. Kanatha ngati madzi a m'lichero. Ya pamwezi ija, imene anzawo akulandira mpaka lero, sitinaione. Atamwalira ndinapitanso, poti ndinamva kuti akazi amasiye amalandirako. Anandiuza mwaulemu kuti palibe chogawa, chifukwa mwini wake sanapume pantchito, anachita kuthawa."

Amake mapasa anasendera pafupi.

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Musafunse ine, ine ndine wa makala. Malamulo ndinawadziwa mochedwa, ndipo mwina anasintha. Pitani ku ofesi yoona za antchito, pachipatala pomwepo. Koma thamangani. Munthu akajomba masiku angapo osanena chifukwa, amamulemba. Akalemba alemba."

Mayiwo sanabwerere kunyumba. Anakwera basi mpaka kuchipatala, anadutsa pamzere wa odwala, anazungulira kuseri kwa nyumba yochapira, n'kukafika kugalaja. Munali fungo la dizilo ndi matayala. Madalaivala achinyamata anali atakhala pabenchi, ndipo ataona mayiwo anasiya kucheza. Kuseri kwa chitseko makiyi anali lende pamsomali, ndi kachikopa kofiira kamene iwo eni anasokera amuna awo. Panalibe amene anawakhudza. Kumeneko ankati makiyi a pamsomali sachotsa munthu wina, mpaka akuluakulu atatumiza dalaivala watsopano.

Amake mapasa anapita molunjika, anaimirira ndi zala za kumapazi, n'kuwachotsa.

"Mayi, mayi!" anatero kapitawo akutuluka m'kachipinda kake. "Amenewo ndi makiyi a boma."

"Ndikudziwa, bambo. Ndiye tambasulani dzanja muwalandire monga mumachitira masiku onse. Msomali si kapitawo."

Mnyamata wina anaphulika kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Kapitawo anayang'ana makiyi, anayang'ana mayiwo, kenako anatambasula dzanja.

"Kunena zoona, sindinakanene kumwambako," anatero motsitsa mawu. "Mtima ukundikana. Munthu uja anandiphunzitsa ntchito ine. Koma sindingabise mpaka kalekale. Mawa akapanda kuoneka, ndiyenera kunena."

"Mawa aoneka. Koma chiwongolero musawapatse. Chifukwa chake adzanena okha, si udindo wanga."

Atafika kunyumba madzulo anapeza mlamu uja atapita, buledi atatha. Anawauza amuna awo zonse, za mayi wa makala ndi za makiyi. Bambowo anaimirira mwaukali mpaka mpando kugwa.

"Mwachotsa makiyi anga pamsomali? Pamaso pa anyamata? Mwandivula, amake mapasa! Mwamuna akapachika wapachika. Sindibwererako."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna, bambo."

"Ndife ndithu!"

"Mwagwira ntchito pachipatala moyo wanu wonse. Chipinda cha maso chili pafupi ndi pamene mumaimika ambulansi. Mwanyamula anthu osaona kuwapititsa kumeneko, n'kuwabweza akuona. Inu nokha ndiye simungalowemo?"

"Nkhani yatha," anatero bambowo, n'kulowa kuchipinda.

Mayiwo sanawatsatire. Kukangana ndi munthu wamanyazi n'kutaya malovu. Anatenga jekete ija ndi chipewa, anaziyang'ana, n'kuyatsa simbi.

M'mawa kutacha bambowo anatuluka kuchipinda akuyasamula, n'kuima chilili. Pakati pa balaza panali akazi awo atavala jekete ya ambulansi pamwamba pa diresi, manja a jeketeyo atawapinda kawiri, chipewa chili pamutu mpaka m'makutu. Chikwama chinali kale m'khwapa.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndikupita kuntchito. Kapitawo wanena kuti lero pakhale munthu. Inu mwakana. Ndiye ndikakhala pabenchi paja ineyo, lero, mawa, mpaka zaka zanu zikwane. Akandifunsa ndidzati ndine dalaivala wamkulu."

"Mwapenga?"

"Penshoni imeneyo ndaigwirira ntchito nanenso. Ndani ankadzuka kukuwiritsirani madzi akakuitanani kuntchito tambala asanalire? Ndani wachapa jeketeyi zaka zonsezi, magazi a anthu osawadziwa ali pamenepa? Mapasa aja ndinabereka inu muli paulendo, munawaona ali ndi masiku. Sindinadandaule, ndinkati tidzapuma limodzi. Ndiye lero mutaye bomwetamweta chifukwa choopa kuseka kwa ana? Ayi, bambo. Gawo lanu tayani. Langa ndikukalitenga."

Anatsegula chitseko n'kutuluka. Panja mayi wa nyumba yoyandikana anali akusesa, ndipo tsache linaima m'malere. Ana opita kusukulu anayamba kukodolana. Amake mapasa anayenda mutu uli m'mwamba, chipewa chikugwedera. Asanafike pangodya ya makala anamva mapazi a amuna awo kumbuyo.

"Vulani, vulani msanga! Anthu akuona!"

"Muvala inu?"

"Bweretsani kuno."

Bambowo anaivalira pamsewu pomwepo. Mayi wa makala anayang'ana kumbali ngati sakuona, koma mapewa ake ankagwedezeka.

Ofesi yoona za antchito inali kumapeto kwa khonde lalitali, kachipinda kokhala ndi makabati achitsulo ndi fani yolira ngati njuchi. Munali mayi wa magalasi, wa msinkhu wa ana awo. Anawapatsa mipando, n'kutseka chitseko. Bambowo anayamba ndi nkhani ya nyengo, kenako ya misewu yokumbika. Akazi awo anawaponda phazi. Pamenepo ananena zonse, za utsi wa m'maso, za munthu wa njinga, za chipilala, ndi za msomali.

Mayi wa mu ofesi anamvetsera osawadula.

"Bambo, poyamba ndikuthokozeni kuti mwasiya kuyendetsa. Mwapulumutsa anthu. Koma mukanachedwa kubwera kuno, mukanadzipweteka nokha. Penshoni imayang'ana zinthu ziwiri: zaka zimene mwagwira ntchito, ndi msinkhu umene mwachokera. Pa malamulo a ntchito yathu ino, munthu akakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi amapuma ndi penshoni yake yathunthu. Gawo lina amalandira poyamba, lina mwezi ndi mwezi moyo wake wonse. Akatsogola, mkazi wake kapena mwamuna wake sasiyidwa chimanjamanja, pali gawo limene lamulo limamusungira."

"Nanga munthu akatopa zakazo zisanakwane?" anafunsa bambowo.

"Amapempha kupuma msanga. Ngati wafika pamsinkhu umene lamulo limalola, pempho limamveka. Koma ya pamwezi imachepa, chifukwa zaka zake za ntchito zachepa, komanso adzakhala akulandira kwa nthawi yaitali. Ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaganiza kuti ikwera yokha tsiku limene adzakwanitse zaka zija. Ayi. Mlingo umene mwachoka nawo ndi umene mudzakalambe nawo."

"Zili ngati nsalu," anatero amake mapasa. "Ukadula mofupika, siimeranso."

"Ndendende, mayi."

Bambowo anakanda chibwano. "Koma ine si kutopa kokha. Ndi masowa."

"Pamenepo pali njira yake. Madokotala akuyezani. Akapeza kuti simungagwirenso ntchito iliyonse, mumapuma chifukwa cha matenda, ndipo penshoni yanu imakhalapo. Akapeza kuti mungathe ntchito ina yopepuka, timakusamutsani, zaka zanu n'kumawerengedwabe mpaka mutafika pomwe mukufuna. Kudwala si mlandu, bambo. Mlandu ndi kusowa osanena."

"Nanga wopachika makiyi?" anafunsa mayiwo, akuyang'ana amuna awo m'mbali.

Mayi wa mu ofesi anavula magalasi.

"M'malamulo mulibe msomali, mayi. Muli mawu akuti munthu wathawa ntchito. Wothawa sanapume. Kawirikawiri ya pamwezi ija amaitaya, ndipo chimene angapeze ndi chochepa, chobwera movutikira. Chimandipweteka n'chakuti anthu a kugalaja aja amabwera kuno zonse zitaonongeka kale. Akanabwera tsiku limodzi asanapachike, ndikanawathandiza."

"Mng'ono wanga amati munthu amapatsidwa zonse pakamodzi," anatero bambowo mwamanyazi.

"Mng'ono wanu amagwira ntchito mu ofesi ino?"

"Ayi."

"Ndiye muzimufunsa zina."

Amake mapasa anaseka mpaka kugwira pakamwa. Kenako anafunsa funso limene linawasowetsa mtendere chiyambire dzulo: "Ndiye dzulo lija lawawonongera?"

"Tsiku limodzi, munthu atabwera yekha kudzafotokoza, si kuthawa. Tilemba kuti anachoka chifukwa chodwala, ndipo dokotala atsimikiza. Koma kuchokera pano musapite kunyumba. Mupite kuchipinda cha maso."

Anapitadi. Bambowo anakhala pamzere pamodzi ndi anthu amene kale ankawanyamula, chipewa chili pamaondo. Namwino wina anawazindikira.

"A dalaivala! Mwabweretsa ndani lero?"

"Ndadzibweretsa ndekha, mwanawe."

"Abweretsedwa," anakonza mayiwo.

Dokotala anawaunika ndi kanyali, n'kunena kuti ndi ng'ala, m'maso onse awiri. Anati n'zofala kwa anthu a msinkhu wawo, ndipo zimachotsedwa ndi opaleshoni yaing'ono, diso limodzi poyamba, lina pambuyo pake. Anawadzudzula chifukwa chochedwa, ndipo anawaletsa kugwira chiwongolero. Bambowo anangoti, "Ndiye utsi wonse uja n'kanthu kochotseka?" Akazi awo anangowayang'ana. Mawu ena amapweteka kwambiri ukapanda kuwanena.

Diso loyamba litachitidwa opaleshoni n'kuchira, akuluakulu anawaika patebulo la foni kugalaja komweko. Ntchito yawo inali kulandira mauthenga a odwala, kusankha ambulansi yoti ipite, ndi kuwauza anyamata njira. Tsache limene ankaliopa lija silinabwere. Koma kuseka kunabwera ndithu, tisanamizane. Sabata yoyamba anyamata ankati, "Moni a sekilitale!" Wina anawaikira duwa la pulasitiki patebulo. Wina ankafunsa mokweza ngati jekete ija akazi awo awabwereka lero. Bambowo ankafika kunyumba nkhope ili gwaa.

"Andisekanso."

"Mwatuluka magazi?"

"Ayi."

"Ndiye idyani, mawa mupitenso."

Anapitanso. Posakhalitsa mnyamata wina anaiwala kuthira mafuta n'kuima ndi ambulansi yopanda wodwala pakati pa msika, ndipo kuseka konse kunasamukira kwa iye. Ndi mmene kuseka kumakhalira, sikukhala pakhomo limodzi.

Mlamu uja anabwerabe kangapo ndi nkhani ya takisi, ulendo wina atanyamula chithunzi cha galimoto pafoni. Amake mapasa ankamupatsa tiyi n'kumufunsa za njinga yamoto, mpaka anatopa yekha.

Masiku ena anali olemetsa. Kukhala patebulo ukumva ambulansi ikutuluka ndi munthu wina si chinthu chapafupi kwa amene anakulira pachiwongolero. Tsiku lina bambowo ananena kuti mwina angopempha kupuma msanga, poti njirayo ndi yololedwa. Mayiwo sanakane. Anangoti abwererenso kwa mayi wa magalasi uja akawaonetse kusiyana kwake, asanasankhe. Anapita awiri. Atamva mmene ya pamwezi ingachepere, ndi kuti idzakhala choncho mpaka ukalamba wawo wonse, bambowo anadzuka okha.

"Miyezi yatsalayi ndiipirira," anatero. "Ndapirira misewu yoipa kuposa apa."

Miyezi inatha monga imathera. Diso lachiwiri linachitidwa opaleshoni, utsi uja unachoka. Tsiku lokwanitsa zaka linafika, ndipo makalata onse anali atakonzedwa kale, chifukwa mayi wa mu ofesi anawauza kuti ayambe kukonzekera nthawi ikadalipo. Kugalaja anyamata anasonkha, anagula zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi keke. Amake mapasa anabwera atavala diresi yatsopano yosoka okha, ndipo anatenganso mayi wa makala, amene anasamba m'manja mpaka kuyera.

Kapitawo atamaliza mawu ake, anapempha bambowo kuti anenepo kanthu. Iwo sanali munthu wa zolankhula. Anapita pabokosi la zipangizo, anatenga pulayazi, n'kulunjika kuseri kwa chitseko. Msomali uja unali wadzimbiri, wolowa kwambiri. Anaugwedeza uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, mpaka unazuka ndi kachidutswa ka pulasitala.

"Ana inu," anatero akuwaonetsa, "ichi si chamuna. Ndinatsala pang'ono kugulitsa ukalamba wanga ndi wa mayi anuwa chifukwa cha kachitsulo aka. Mukatopa, mukadwala, mukakwiya, ofesi ili kumapeto kwa khonde. Muzikafunsa musanachoke."

Kenako anaupereka kwa mayi wa makala. Mayiyo anauyang'ana nthawi yaitali, anaukulunga pakona ya mpango wake, n'kunena kuti akauponya yekha kumene sudzapezekanso.

Mwezi wotsatira penshoni inalowa, yathunthu. Wotsatirawo inalowanso. Sinali chuma choti munthu n'kugulira ndege, koma mankhwala ankagulidwa, magetsi ankayaka, ndipo mapasa aja, amene tsopano anali ndi mabanja awo, sankachita mantha foni ya kwawo ikalira. M'mawa wina amake mapasa akuvundukula makina, anapeza singano ili kale ndi ulusi. Amuna awo anali pakhonde akumwa tiyi, wothiridwa m'kapu mwenimweni.

"Maso a dalaivala," anatero bambowo osacheuka, "amaona nyerere ili patsidya la msewu."

"Koma ofesi ili kumapeto kwa khonde sankaiona," anayankha mayiwo, n'kuponda makina.

Tsono inu amene mukuwerenga, nkhani yake ndi yosavuta. Msinkhu umene mwachokera pantchito ndi umene umaumba penshoni yanu. Kupuma zaka zitakwana, kupuma msanga mwachilolezo, kupuma chifukwa cha matenda, ndi kungochoka osatsanzika, zonsezi si chinthu chimodzi, ndipo mapeto ake safanana. Malamulo amasiyana malinga ndi kumene mukugwira ntchito, ndipo amasintha, choncho musadalire za mlamu, za pabenchi, ngakhale za m'nkhani ino. Pitani nokha ku ofesi yoona za antchito kapena ya penshoni. Funsani zaka zimene zakutsalirani, funsani chimene mungataye mukachoka msanga, ndipo ngati thupi likukana, nenani poyera. Tengani akazi anu kapena amuna anu, chifukwa ukalamba umenewo mudzaudya awiri.

Bambo a mapasa anachita mwayi, anali ndi munthu wowachotsera makiyi pamsomali. Inu musadikire kuti wina avale jekete yanu pamsewu. Chonde chitani bwino kuposa iwo: kafunseni sabata ino, makiyi akadali m'manja mwanu.